Sitiroko patatha masiku awiri chitsikire ndege: nkhani ya mayi wina amene tinawagoneka kuno ku Zomba

Ndine clinical officer, ndimagwira mu wodi ya amayi pa chipatala china muno mu Zomba ndipo chaka chino ndi cha 11. Odwala sitiroko ndawaona ambiri zedi, sabata siitha osagoneka mmodzi kapena awiri. Koma mayi amene ndikufuna kufotokoza pano ndi amene anandiyambitsa kufunsa funso limene poyamba sindinkafunsa olo pang'ono, loti kodi masabata apitawa munayendako ulendo wautali? Ndinawapempha iwowo ndi ana awo ngati ndingalembe nkhaniyi, anavomera, nde dzina ndi dera sinditchula ndipo tina ndi tina ndasintha dala.

Ndi mayi a zaka 54, a geni ya nsalu, aafupi ndithu, 1.52 m, koma thupi lilipo, 84 kg. BP anawapeza nayo zaka 6 zapitazo ndipo mu buku lawo la kuchipatala munalembedwa mankhwala a BP awiri, HCTZ 25 mg ndi amlodipine 5 mg. Fodya sasuta, mowa samwa, shuga alibe. Anapita ku UK kukathandiza mwana wawo wamkazi amene anali m'chikuta, mwana woyamba. Ulendo unali wa miyezi itatu ndiye mankhwala anatenganso a miyezi itatu, koma anakhala miyezi isanu. Mankhwala atatha sanauze munthu, akuti ankaopa kuti kuonana ndi dokotala kumeneko mpongozi wawo alipira ndalama zambiri, komanso mwa iwo okha ankangomva bwinobwino, mutu osapweteka, chizungulire ayi. Ndiye kuti miyezi iwiri yathunthu BP inali yopanda mankhwala.

Za ulendo wobwerera ndinazimva mochedwa, ndifotokoza chifukwa chake, koma ndiziike pano kuti nkhani iyende bwino. Anakwera basi maola pafupifupi 4 kuchoka kumene mwana wawo amakhala kufika ku London, kenako ndege ya usiku ya maola pafupifupi 8 mpaka Addis Ababa, kudikira pamenepo maola atatu ali pampando, kenako ina ya maola 4 ndi kanthu mpaka pa Chileka, ndiye galimoto ya mwana wawo wamwamuna kubwera ku Zomba ali kumbuyo chikwama china chili pamiyendo poti katundu anachuluka. Mu ndege yaikulu ija anawapatsa mpando wa pawindo, pambali pawo azibambo awiri achilendo amene anangodya nkugona. Amayiwa anachita manyazi kuwadzutsa kuti adutse, nde anaganiza kuti bola osamwa madzi kuti asafune kukataya madzi, usiku onse anangomwa kakapu kamodzi ka tiyi basi. Sanadzukepo maola onsewo. Pansi pa mpando wakutsogolo anaikapo handibagi yaikulu, ndipo poti ndi aafupi mapazi samafika pansi bwinobwino, amangolendewera, m'mphepete mwa mpando mukuwafinya kuseri kwa maondo.

Anafika Lachinayi madzulo. Lachisanu anadandaula kuti katumba wa mwendo wakumanzere akukoka, aliyense anati nkutopa kwa ulendo, mdzukulu anawasisita ndi mafuta. Loweruka cha mma 6 m'mawa anawerama kuti anyamule sutikesi ya 23 kg aiike pabedi agawe zimene anabweretsa, anakokera mpweya nkukakamira mmene timachitira ponyamula chinthu cholemera, sutikesi inagwa, iwonso anakhala pansi, pakamwa papotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende, mawu osatuluka.

Kwa ife anafika 4 koloko madzulo, patatha maola 10. Maola amenewa anapita motere: poyamba mapemphero, kenako mkangano pabanja poti achibale ena anati amayi amenyedwa hamala, munthu sangabwere kunja ndi masutikesi anayi anthu onse nkukondwa, ndiye ankafuna kupita nawo kwa asing'anga. Mwana wamwamuna uja anakana nkuwatengera pa kakiliniki kena kolipira, kumeneko anawayeza BP nkuwapatsa piritsi loti aike pansi pa lilime kuti itsike msanga, nkuwauza kuti abwerenso Lolemba. Atabwerera kunyumba anayesa kuwamwetsa phala, anatsamwa kwambiri mpaka maso kufiira, mpamene anachita mantha nkubwera. Za hamala sindiseka nazo munthu ayi, ndinakula ndikuzimva, ndipo munthu amene dzulo amaseka lero wangoti phii osalankhula nzoopsadi kuziona. Chimene chimandiwawa ndi piritsi la pansi pa lilime lija. Sitiroko ikangochitika thupi limakweza BP dala kuti magazi afikebe ku mbali ya ubongo imene ikufa ndi njala, ukaitsitsa mwadzidzidzi ukuwonjezera bala. Ife masiku oyambirira sitiigwetsa pokhapokha idutse 220/120, kapena sikani ionetse kuti mtsempha waphulika.

Nditawaona, BP inali 186/104, pulse 92 ikugunda molongosoka osadumphadumpha, kutentha 36.9, oxygen 95%, shuga 7.1, malungo negative. Shuga timayeza msanga nthawi zonse chifukwa akatsika kwambiri amanamizira sitiroko ndipo munthu wotero dilipi imodzi amadzuka. Anali maso, akumva zimene ndikunena, ndikati tsekani maso amatseka, koma funso lililonse yankho linali eya, eya, misozi ikutsika poti ankadziwa chimene akufuna kunena koma sichikutuluka. Mbali yakumunsi ya nkhope kumanja inagwa, chipumi chikukwinyika bwinobwino mbali zonse. Dzanja lamanja mphamvu 1 mwa 5, mwendo wamanja 4 mwa 5. Ndinawapatsa madzi a pa supuni yaing'ono, anakhosomola ndipo mawu anamveka ngati muli madzi kukhosi, nde tinaletsa chilichonse chapakamwa nkuika kapaipi ka m'mphuno. Tinayeza HIV ndi chindoko, zonse negative. HIV sitiidumpha, kafukufuku amene anachitika ku Queens ku Blantyre nkutuluka mu 2016 anaonetsa kuti kwathu kuno pambali pa BP, kachilomboka ndi kamene kakubweretsa sitiroko kwambiri mwa anthu achichepere, makamaka miyezi 6 yoyamba munthu atayamba ma ARV.

Mu fayilo ndinalemba kuti sitiroko ya BP mwa munthu amene anasiya mankhwala, ndipo ndinakhutira nazo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Mphamvu ya miyendo ndinayeza chitenje chili chofunda, sindinavundukule kuti ndione miyendo ndi maso anga, ndipo za ulendo ndinangomva kuti abwera kumene kuchoka kunja nkupitirira. Lamulungu m'mawa asisita amene ankathandiza gadiyani kuwasambitsa anandiitana, adokotala tabwerani muone mwendowu. Wakumanzere, umene sunafe, unali wotupa kuyambira kuseri kwa bondo mpaka pa kakolo, wotentha, wonyezimira, ukadina katumba amayi akukwinya nkhope. Ndinatenga tepi, wakumanzere 41 cm, wakumanja 37 cm. Magazi amatha kuundana mu mwendo wa munthu wa sitiroko inde, koma amaundana mu mwendo wakufawo ndipo patapita masiku ali chigonere, osati mwendo wabwino tsiku limodzi lokha. Ndiye kuti chotupachi anabwera nacho. Ndinakhazika pansi mwana wawo nkufunsa ulendo wonse kuyambira pa khomo la ku UK, zina amayi ankavomereza ndi mutu.

Ndifotokoze mmene mwendo ndi ubongo zimakumanirana poti ngakhale anzathu ena a ntchito amadabwa. Magazi a mmiyendo kuti akwere kubwerera ku mtima amadalira akatumba, ukamayenda katumba amafinya mitsempha ngati mmene timapopera mjigo. Ukakhala maola ambiri maondo opinda, madzi osamwa, magazi amadekha nkuyamba kuundana mu mitsempha ya mkati, ndiye DVT imeneyo. Kachidutswa kakathothoka kamapita ku mbali yamanja ya mtima kenako ku mapapo nkukatsakamira kumeneko, munthu amabanika, chifuwa kubaya, ena amafa pompo. Mapapo amakhala ngati sefa, kachidutswako sikayenera kufika ku ubongo. Koma mwana akakhala m'mimba mtima wake umakhala ndi kabowo pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba poti mapapo sanayambe ntchito, akabadwa kamatsekeka, kungoti mwa munthu mmodzi pa anayi aliwonse sikatsekeka kwathunthu, kamatsala ngati chitseko chongokankhira chosakhoma. Timakatchula PFO. Anthu ambiri amakalamba nako osadziwa ndipo sikawavuta. Koma munthu akakakamira, kaya kunyamula katundu, kaya kudzikakamiza kuchimbudzi, kaya kukhosomola mwamphamvu, chitseko chija chimatseguka kwa kamphindi, ndipo ngati nthawi yomweyo kachidutswa ka magazi kakudutsa kamalowera mbali yamanzere osadzera ku sefa, nkukwera ku ubongo. Sutikesi ija itangotchulidwanso kachiwiri ndinamva thupi langa kuzizira.

Vuto linali loti mwendo ukufuna mankhwala osungunula magazi amphamvu, koma ubongo sitinauone. Ngati mtsempha waphulika ndipo iwe wabaya mankhwala oterewa monga heparin, wamupha munthu. Zizindikiro zinkaloza ku kutsekeka osati kuphulika, mutu sunawapweteke, sanasanze, sanakomoke, nde titakambirana ndi dokotala wamkulu tinayamba asipirini 300 mg kudzera mu kapaipi koma heparin tinadikira. Lolemba banja linasonkha, mwana wa ku UK anatumiza ndalama, anapita nawo ku Blantyre kukajambula CT, sikani yoona mkati mwa mutu. Zotsatira: magazi sanatayikire mu ubongo, koma panali bala looneka ngati chidutswa cha chigumu chodulidwa, kunja kwenikweni kwa ubongo mbali yamanzere, malo amene amayendetsa kulankhula ndi dzanja. Sitiroko ya BP yeniyeni nthawi zambiri imakhala kadontho kakang'ono mkati mwakuya kapena kuphulika kumene, pamene bala la mtundu uwu limakonda kubwera ndi chinthu chochokera kwina chimene chadzatseka mtsempha. Sikani ya mwendo inaonetsa magazi oundana mu mtsempha wa kuseri kwa bondo. ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, inali bwino, mtima sumadumpha. Pa echo, sikani ya mtima, anawabaya madzi a dilipi okhutchumula mpaka achite thovu nkuwauza akakamire, timathovu tinaoneka tikuwolokera mbali yamanzere. Kabowo kalipo.

Tsiku la 5 tinayamba mankhwala oletsa magazi kuundana, jakisoni wa mtundu wa heparin wotchedwa enoxaparin, banja linagula lokha, limodzi ndi mapiritsi a warfarin, ndipo asipirini tinasiya kuti zisaphatikizane. Kudikirako kunali dala, ubongo wovulala kumene umachedwa kulimba ndipo ukafulumira ndi mankhwalawa bala limatha kuyamba kukha magazi. Amlodipine tinabwezeretsa pang'onopang'ono sabata yoyamba ikutha. Chibayo chinawagwira tsiku lachitatu, cha phala lija mosakayika, analandira mankhwala chinatha. A mafizo anayamba nawo msanga, kuwakhazika, kuwaimiritsa, kutambasula zala. Kapaipi tinachotsa tsiku la 9 atameza madzi osatsamwa, ndipo mawu oyamba omveka amene ananena linali dzina la mdzukulu wa ku UK uja, gadiyani analira wodi yonse kumva. Anatuluka tsiku la 16 akuyenda okha, dzanja 3 mwa 5, INR, muyezo woonetsa mmene warfarin akugwirira ntchito m'magazi, ili 2.3.

Warfarin ndi mankhwala ovuta kwathu kuno chifukwa amafuna kuyeza INR pafupipafupi kuti ikhale pakati pa 2 ndi 3, ndipo amalimbana ndi ndiwo zamasamba. Sindinawaletse mpiru, nkhwani kapena bonongwe ayi, ndinati idyani muyezo womwewo tsiku ndi tsiku, osati sabata ino masamba okhaokha sabata yamawa usipa wokhawokha. Mankhwala azitsamba ndi ma brufen ogula pa golosale ndinaletseratu, ndipo ndinauza mwana wawo pamaso pa achibale aja kuti mphini pa munthu wa warfarin magazi sasiya.

Tsopano funso limene mwana wawo anandifunsa pakhonde, adokotala ndiye kuti ndege ndi imene yawapweteka amayi? Ndinamuyankha kuti ndege payokha si kawirikawiri kubweretsa sitiroko, anthu mamiliyoni amakwera tsiku lililonse nkutsika bwinobwino. Mpweya wa mu ndege amaupopa kuti ufanane ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ndiye kuti ngati uli pamwamba pa phiri lathu lomweli la Zomba limene nsonga yake imapitirira pang'ono mamita 2,000, oxygen amatsikako pang'ono ndipo mpweya wake ndi wouma kwambiri, koma munthu wabwinobwino sizimuvuta. Chimene chimapweteka ndi kukhala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2007 linatulutsa zotsatira zoonetsa kuti ulendo wopitirira maola 4 uli chikhalire umawirikiza kawiri chiopsezo cha magazi kuundana, ngakhale kuti pa anthu 6,000 oyenda ndi mmodzi amene zimamugwera, ndipo chiopsezocho sichithera pa bwalo la ndege, chimakhalapobe masabata angapo. Linapezanso kuti chimakula mwa anthu onenepa, aatali kwambiri kuposa 1.9 m, aafupi osafika 1.6 m, amayi akumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, ndi amene magazi awo amaundana msanga chibadwire. Onjezeranipo oyembekezera, amene angochira kumene, odwala khansa, amene achitidwa opaleshoni posachedwa ndi amene zinawachitikirapo kale. Mayi athuwa anali ndi ziwiri, kufupika ndi thupi, kuphatikiza maola oposa 20 ali chopinda, madzi osamwa, kabowo kamene sankakadziwa, ndi BP ya miyezi iwiri yopanda mankhwala imene sindingaichotse pa mlanduwu ngakhale sikani ikuloza ku mwendo.

Ndipo chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ine si ndege ayi. Lipoti la WHO lomwe lija linanena za basi, sitima ndi galimoto chimodzimodzi. Anthu a kuno ku Zomba, Machinga, Mangochi amene amakwera ndege ndi ochepa, a Hajj, ophunzira, ogwira ntchito zamabungwe, azimayi opita kukaona zidzukulu ngati awa. Koma okwera basi ya ku Joni ndi ankhaninkhani, tsiku ndi theka kapena masiku awiri pampando, katundu mpaka mu kanjira, madzi osamwa dala poti basi siima wamba. Chichitikire nkhaniyi ndapezapo kale DVT mwa anyamata awiri ochoka ku Joni amene kale ndikanangowalembera panado nkuti ndi kutopa.

Zimene ndimauza munthu wa ulendo wautali pano sizodula. Mankhwala a BP, shuga kapena ARV tengani opitirira masiku amene mwakonza ndipo akhale mu chikwama cha m'manja osati mu sutikesi, buku la kuchipatala likhale momwemo. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi pa atatu m'Malawi muno BP yake ndi yokwera ndipo ambiri sadziwa, nde kayezetseni musananyamuke olo mukumva bwino. Pemphani mpando wa ku kanjira, makamaka azimayi akuluakulu amene manyazi sangakuloleni kudumpha munthu wogona. Imwani madzi, dzukani pakatha ola limodzi kapena awiri, mukakhala muzikweza ndi kutsitsa zidendene ngati mukupalasa makina osokera, pansi pa mpando pasadzaze katundu, ngati mapazi safika pansi pondani pa kachikwama. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa ayi. Amene ali pa chiopsezo chachikulu masokosi othina ofika m'maondo aja amathandiza ndithu, koma asipirini womwera ulendo wokha sitimulimbikitsa. Mukafika, mwendo umodzi ukatupa kapena kupweteka musausisite, bwerani tiuone, ndipo mutiuze nokha za ulendowo ngati taiwala kufunsa. Pakamwa pakapotoka, dzanja likafooka, mawu akasokonekera, ngakhale zitabwerera pakatha mphindi 10, thamangani nthawi yomweyo ndipo musamudyetse kapena kumumwetsa kanthu munthuyo. Kumene kuli mankhwala osungunula chotsekacho amaperekedwa asanathe maola 4 ndi theka, nde wina zikamuchitikira ali mu ndege kapena ali kunja auze ogwira ntchito pompo asadikire kuti afike kumudzi kaye.

Mayi aja ndinawaona komaliza sabata yatha, miyezi inayi chichitikire. BP 134/82, INR 2.6, mwendo unaphwa, amalankhula ziganizo zonse kungoti akatopa mawu ena amasowa nkuloza ndi chala. Amatha kumanga chitenje okha koma lumo sakugwirabe bwino, pa shopu amadula nsalu ndi mtsikana wawo, iwo amalandira ndalama. Za kutseka kabowo tinakambirana, zimachitika kunja monga ku South Africa kapena India ndipo banja likadaganizabe, pakadali pano tikupitiriza warfarin mpaka awaonenso a mtima ku Blantyre. Anandifunsa pang'onopang'ono, mawu amodzi amodzi, ngati angapitenso ku UK chaka chamawa poti mdzukulu adzakhala akuyenda. Ndinati munthu wa sitiroko timamuletsa ndege masabata awiri oyambirira, iwo anadutsa kale pamenepo, nde angapite bola INR ikhale m'malo sabata yonyamuka, mankhwala a ulendo wonse ndi mwezi wina pamwamba, kalata yochoka kwa ife yoti akaonetse kumeneko kuti azikayezedwa, masokosi, ndi mpando wa ku kanjira. Mwana wawo analemba zonse mu foni. INR yotsatira ndawalembera pakatha masabata anayi, Lachiwiri m'mawa.